Chidindo pa Dothi Lofiira

Lolemba, 9 Febuluwale

Chibaluni chidakali chiimire! Ndayamba ndi zimenezi chifukwa sabata yonse yathayi mtima wanga unali m'mwamba. Chipale chofewa chakhala chikugwa osapuma, ndipo chihema chopopa mpweya ngati chathuchi chikalemedwa chimangogwada pamwamba pa mabwalo. Amuna anga a Lumir anatsegula zotenthetsera mpaka pomaliza, chipale n'kumasungunuka, n'kumatsetsereka chokha.

M'mawa Mayi Blanka, amene bungwe la tenisi lawatuma kudzayang'anira mpikisano, azungulira mabwalo onse, aponda dothi, agwedeza maukonde. "Zili bwino." Basi, mawu ake omwewo. Ndinakakhala pansi kukhitchini.

Ndiye zatheka. Mpikisano wa dziko lonse wa nyengo yozizira, kuno kwathu, kakalabu ka m'tauni yaing'ono. Atipatsa magulu awiri, ana osapitirira zaka khumi ndi ziwiri ndi madala opitirira zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu. Mbali ino tiana tikulira chifukwa cha laketi yomenyera mpira, mbali iyo nkhalamba zikudzola mankhwala a mawondo, chihema chonse kununkha zimenezo. Mwana wanga Terezka ali mbali ino, Bambo ali mbali iyo.

Bambo anafika aliyense asanafike, atayendetsa okha kagalimoto kawo kobiriwira. Ndinawapeza akusesa mizere. Mabwalowa anayala ndi iwo ine ndisanabadwe, ndiye palibe angawauze kanthu. Chimwalirireni Amayi sindinawaone akuwala nkhope chonchi.

Mayi Blanka anasonkhanitsa ana n'kuwauza zomwe amanena chaka chilichonse. Palibe woyimbira. Aliyense amaweruza mbali yake. Pa dothi mpira umasiya chidindo, mnzako akakayika umamuonetsa. Ukafufuta chidindo ndi phazi ndiye kuti wavomera, mpira walowa, pointi ndi ya mnzako. Bambo anawonjezera osapemphedwa: "Ndipo wakuba mipira amaba ndi nkhuku zomwe." Ana anaseka.

A Vendelin afika masana pa sitima ya ku Ostrava. Iwo ndi Bambo akhala akumenyana pa bwalo chiyambire unyamata wawo. "Alois, ukadali moyo? Ndinamva kuti anakuika chaka chatha!" Bambo: "Ndikudikira ndikuike iwe kaye." Kenako kukumbatirana.

Lachiwiri, 10 Febuluwale

Terezka wapambana. Bambo apambana. Gulashi, msuzi wanga wa nyama, yatha yonse mumphika. Tsikuli likanathera pomwepa bwenzi ndikuvina.

Koma a Prokop, amene Bambo awagonjetsa, akana mowa. Kuno wopambana amagulira wogonja kapu ya mowa, ndipo sindinaonepo mdala akukana, ngakhale a matenda a shuga amanyambitako thovu. A Prokop anangovala jasi lawo. Ndili kuseri kwa zenera la khitchini ndinawamva akuuza anzawo: "Mipira yolowa bwinobwino, iye kunja, kunja. Ali pakwawo, nanga tinganene chiyani." Wina anati, "Alois? Ayi." A Prokop anati, "Ukalamba umasintha munthu. Chikhochi akuchifuna kwambiri."

Ndinatsuka poto mmodzi yemweyo mpaka dzanja kuwawa. A Prokop ndi odandaula chibadwire, ngakhale supu amati yawabera. Ndikudziuza choncho.

Lachitatu, 11 Febuluwale

Ndaona ndekha.

Ndinasiya khitchini n'kukaima kuseri kwa bwalo lawo. Mpira unagwa mkati, kutalika kwa chikhatho changa kuchokera pamzere. Bambo anakweza chala: "Kunja!" Mawu amphamvu, osakayika n'komwe. Mnzawoyo, bambo waulemu wa ku Plzen, anapempha kuona chidindo. Bambo anayenda n'kuloza ndi laketi chidindo china chakale, cha kunja. Munthuyo anayang'ana chidindocho, anayang'ana Bambo, n'kubwerera osanena kanthu. Kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa akanatukwana. Zinachitikanso kachiwiri masewero asanathe. Bambo apambana.

Amenewa ndi bambo omwe anandichotsa pa bwalo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pakati pa masewero, chifukwa ndinanama mpira umodzi. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba iwo akuyendetsa galimoto pang'onopang'ono pambuyo panga.

Terezka wagonja lero, koma si zomwe amalirira. Ndinamupeza m'chipinda chosinthira atabisa nkhope m'thawulo. Anaweruza mpira kuti watuluka, unatulukadi, ndiye mtsikana mnzakeyo anamuuza, "Ukuba ngati agogo ako." Kuchokera pamenepo Terezka anasiya kuweruza chilichonse. "Amayi, n'zoona?" Ndinamuuza kuti avale nsapato.

Madzulo Mayi Blanka anandikokera pambali. Pali amene apempha kuti pa masewero a Bambo a Lachisanu pakhale woyimbira pampando. Sanafune kunena zambiri, ndipo panalibe chifukwa. Mpando wautali uja umakhala m'shedi, pa mipikisano ya madala umatulutsidwa pokhapokha wina akamukayikira. Kuwutulutsira Bambo, m'chihema chawo chomwe, pamaso pa tauni yonse, n'chimodzimodzi kuwalemba pamphumi. "Mawa madala akupuma. Lankhulani nawo, Radka. Ine ndimawalemekeza, koma ntchito ndi ntchito."

Ndakwiya. Ndakwiyira Bambo, ndakwiyira a Prokop, ndakwiyira a Lumir amene angoti "mwina nyali zatsopanozi" n'kupitiriza kudya.

Lachinayi, 12 Febuluwale

Ndilembe bwinobwino, chifukwa ndikufuna ndidzakumbukire mmene zayendera.

Masana ndinawatengera Bambo chakudya kwawo, nyama ya nkhumba ndi kabichi. Njira yonse ndimakonza mawu, ena a iwo omwe aja a nkhuku. Pabwalo ndinaona kuti kalilole wa m'mbali wa galimoto wamangidwa ndi tepi. Sindinalabadire.

Ndinawapeza pa makina awo olukira zingwe za laketi, pafupi ndi zenera. Ndinatenga laketi imodzi yomwe anali atamaliza, pongofuna chogwira m'manja ndisanayambe kukalipa. Chingwe chinadumpha. Pakati penipeni, pamene chimayenera kulowa pansi chinadutsa pamwamba. Bambo aluka malaketi a chigawo chonse chino moyo wawo wonse, ndipo mwana aliyense amene anamuphunzitsa anamumasulitsapo laketi yonse chifukwa cha cholakwa ngati chimenechi.

Ndinayang'ana m'nyumbamo. Nyuzi zaunjikana pa mpando zosatsegula. Akuthira tiyi anaika chala pamlomo wa kapu.

Ndinatulutsa foni. "Bambo, tawerengani nthawi ya masewero anu a mawa, ayilemba apa."

"Ndaiwala magalasi."

Magalasi ali pamphuno.

Kenako anakhala pansi n'kunena zonse, akuyang'ana ku zenera. Zinayamba chilimwe chatha. Pakati pa diso pali ngati nkhungu, m'mbali akuona. Mpira uli m'mwamba amautsata, mkono umadziwa wokha, koma ukangogwa pa dothi lofiira umasowa. Ndiye amaweruza ndi khutu. Mizere yathu ndi ya pulasitiki, mpira ukaikhudza imalira tha. "Ikapanda kulira, ndipo ndikamva kuti mpira wapita patali, ndimati watuluka. Nanga bwalo langa lomwe ndingalisokoneze?" Amakhulupiriradi kuti sanalakwitsepo ndi umodzi womwe.

Ndinawauza za mpira wa dzulo. Za a Prokop. Za mpando. Za Terezka ndinazengereza, koma ndinanena. Nkhope yawo inagwa ngati ndawamenya khofi.

Tsono chodabwitsa ndi ichi, ndipo sindingauze munthu. Ine ndinayamba kuseka. Kuseka misozi ili chuchuchu, bambo anga akundiuza kuti akuchita khungu. Mtima unatsika, phewa linamasuka. Si akuba. Maso okha. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala.

"Wapenga iwe?" Ndinati eya.

Koma akana kuti ndiuze aliyense. "Akangomva andilanda chiphaso cha galimoto, andichotsa mu mpikisano, ayamba kundilankhula mokweza ngati ndine wogontha. Ndimalize kaye sabata ino." Ndinati ndiye bola azikutchulani wakuba? Anati, "Nyama ikuzizira." Ukakamira umenewu Amayi anapirira nawo bwanji, kaya.

Terezka yekha ndamuuza. Sindikanatha kumusiya agone ndi funso lija. Anangoti, "Ndiye n'chifukwa chake anandipatsa moni kawiri Lolemba."

Lachisanu, 13 Febuluwale

Chipale chinabweranso m'mawa, cholemera chonyowa, denga la mbali ya kumpoto n'kuyamba kutsika mpaka nyali kulendewera pafupi ndi mitu. A Lumir anaponya chingwe pamwamba pa chibaluni, ife kukoka uku ndi uku kuti chipale chigumuke. Makolo a ana, madala, ngakhale Mayi Blanka ndi nsapato zawo za muofesi. A Vendelin amalamula anthu, manja ali m'thumba. Chinagumuka ndi mkokomo, denga linakwera pang'onopang'ono ngati mkate mu uvuni, anthu n'kuwomba m'manja. Tinachedwa kuyamba, koma tinayamba.

Ndisanatsegule khitchini ndinawauza Bambo kuti asankhe, anene okha kapena mpando utuluke. Anangonyamula laketi yawo. Ndinauza Mayi Blanka kuti ndalankhula nawo, ndinapempha kuti awapatse lero lokha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikaima pambali ndekha. Ndikaona chimodzi, mpando ukutuluka pomwepo."

Zomwe anachita Bambo sindinaziganizire. Sanaweruze mpira ndi umodzi womwe. Chilichonse chobwera amachimenya, chotuluka ndi chikhatho, chotuluka ndi mkono wonse, amangothamangira. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina anakuwa, "Alois, umenewo unali wa ku bwalo la ana!" Mdala wa zaka zimenezi kuthamangira mipira ya mnzake ndi yakenso. Ndimaopa kuti agwa. Mnzawoyo ndi amene anayamba kutopa, mwina kusokonezeka. Bambo apambana movutikira, malaya ali nyowee.

Mpando uli m'shedi. Ndinakauona dala, uli ndi fumbi lake.

Koma mphekesera sizinathe. Pa tebulo la madala: "Mukuona? Akamuyang'anira amakhala mngelo." Ndiye tapulumuka mpando, dzina lidakali m'matope. Fainolo ndi Lamulungu, ndipo ndi ya Bambo ndi a Vendelin, ngati kuti ikanakhala ya wina.

Loweruka, 14 Febuluwale

Mafainolo a ana. Kamtsikana ka ku Liberec katenga chikho chachikulu kuposa mutu wake. Makolo anatsala pang'ono kumenyana pa bwalo lachiwiri, ana awo akugawana chokoleti kuseri. Zonse zatha bwino, bungwe lati chaka chamawa tingapemphenso.

A Vendelin anabwera kukhitchini anthu atachepa, akuti akufuna tiyi wothira mowa wa ramu. Anakhala pa mpando wanga osaitanidwa.

"Radka, mwana wanga, ukuona chachilendo pa nkhope yangayi?"

Ndinati mwameta ndevu za pamlomo, ndinaona Lolemba.

"Aliyense anaona. Mayi wogulitsa matikiti ku sitima anaona. Ndevu zimene bambo ako akhala akuzitukwana kuyambira iwe uli m'matewera, amati burashi yotsukira botolo. Ndazimeta, ndafika, wandikumbatira, ndipo mpaka lero sananene kanthu." Anamwa tiyi. "Alois angasiye kudya, koma sangasiye mwayi wondinyoza."

Ine ndinapitiriza kupukuta tebulo loyera kale.

"Sindikukufunsa kanthu. Ndikungokuuza kuti mawa sindimupatsa mpira ngakhale umodzi. Akangonunkhiza chisoni adzandipha ndi laketi." Pochoka anati tiyi wanga ndi madzi okhaokha.

Ndagona masana pa benchi ya m'chipinda chosinthira, tulo tokoma toyamba sabata ino. Kungodziwa kuti pali wina akudziwa.

Lamulungu, 15 Febuluwale

M'chibaluni munadzaza. Ana amene sanapite kwawo anakhala pansi m'mbali mwa bwalo, Terezka pakona penipeni kumbuyo kwa agogo ake. A Prokop anabweranso, anakhala kutsogolo manja atapinda pachifuwa. Mayi Blanka chiimire pafupi ndi mtengo wa ukonde.

A Vendelin anasunga mawu awo. Timipira tofupika, timipira tokwera mpaka ku nyali, nkhanza zenizeni. Bambo monga Lachisanu, osaweruza kanthu, kumenya zonse. Seti yoyamba a Vendelin, yachiwiri Bambo, sindikudziwa mphamvu anazitenga kuti. Pakati pake kutukwanizana. "Thamanga nkhalamba iwe, sitima yanga ndi ya madzulo!" "Ikusiye, ugone m'shedi!" Madala sasewera seti yachitatu, amangothamangitsana mapointi khumi. Zinafika poti a Vendelin atsala ndi imodzi, Bambo ali pambuyo ndi imodzi yokha.

Bambo anabwera pa ukonde, a Vendelin anaukweza mpira pamwamba pawo. Bambo anatembenuka, miyendo inakana. Mpira unagwa kumzere wakumbuyo, pakona pomwe panali Terezka. Mzere sunalire. M'chihema monse munangomveka makina opopa mpweya.

Palibe chomenya tsopano, kwatsala kuweruza. Akati kunja masewero apitirira, ndipo theka la anthu awa likanena kunyumba kuti Alois waba fainolo. Ndinagwira mkono wa a Lumir mpaka anati ayi.

Bambo anayenda mpaka pamzere. Anawerama, manja pa mawondo. Anayang'ana nthawi yaitali, pamalo olakwika, chidindo chili cha kumanzere kwawo, aliyense akuchiona. Kenako anawongoka n'kulankhula mokweza, mawu omwe amaitanira ana kuchokera bwalo lina.

"Sindikuchiona. Vendelin, sindikuona chidindo. Sindinaone chidindo ndi chimodzi chomwe sabata yonseyi, maso anga anatha. Prokop, uli kuti? Mipira yako ija mwina inalowa. Ndimayesa ndikudziwa."

A Vendelin anayamba kuzungulira ukonde kuti adzaone okha. "Ima pomwepo! Mbali ino ndi yanga." Ndiye anayamba kufufuta. Posadziwa pomwe chili, anafufuta ponseponse, mapazi onse awiri, kupalasa ngati nkhuku, kuchokera pakati pa mzere kulowera kukona, fumbi lofiira kuti buu. A Vendelin anakuwa, "Kumanzere, wakhungu iwe, ukulima munda wonse!" Wina anaphulika kuseka, kenako chihema chonse, kenako m'manja, anthu kuimirira. Ine sindinawombe, manja anali kukamwa.

Anagwirana chanza pa ukonde. Bambo anagwira nkhope ya a Vendelin ndi dzanja, n'kuima. "Burashi ija ili kuti?" "Ndinameta pa Khirisimasi." "Ndiye n'chifukwa chake Mulungu anandichotsa maso." A Vendelin amaseka, koma amapukuta m'maso ndi kansalu ka padzanja.

Terezka anandipeza ndikukoka chosalazira dothi. Anandinong'oneza, "Amayi, unatuluka. Ndi chala chimodzi. Ndinali pomwepo." Ndinati ndikudziwa, nanenso ndinaona. "Tiwauze?" Ndinayang'ana ku tebulo. A Prokop anali atakhala pafupi ndi Bambo, akukankhira kapu ya mowa mpaka inakhudza zala zawo, akufotokoza za dokotala amene anachotsa ng'ala mlamu wawo. Mtsikana uja wa Lachitatu anali ataima chapatali ndi mayi ake, akuyang'ana nsapato zake. Ndinamuuza Terezka kuti agwire mbali inayo tikoke.

Kunja chipale chinali chitasiya, dzuwa lofooka la masana. Bambo anatuluka ndi chikwama chawo ndi kambale ka nambala yachiwiri m'khwapa. Anafika pa galimoto yawo, anaima. Anapisa m'thumba n'kutambasula dzanja cha kumene amaganiza kuti ndili. Ndinasuntha pang'ono kuti makiyi agwere m'manja mwanga.

"Dokotala wa Prokop uja akuti amaona anthu Lachiwiri. Ndipo usamange mabuleki ngati mayi ako."

Anazungulira mbali inayo, akufufuza chogwirira cha chitseko ndi zala. Mpando wa woyendetsa unali kutali kwambiri, ndinachita kuukokera kutsogolo.